Zithunzi za wikendi ku Scotland zakwiyitsa amalume, agogo ayankha

Mtsikana wina wa kwathu konkuno ku Mulanje, cha ku Limbuli, amene ali pa sukulu ku Edinburgh m'dziko la Scotland wandilembera akudandaula. Akuti Loweruka lapitali anakwera phiri la Arthur's Seat ndi anzake a m'kalasi, masana anakaona Edinburgh Castle, Lamulungu nkukwera sitima kupita ku Glasgow, nde zithunzi zonse anaziika pa status ya WhatsApp. Lolemba amalume ake amuimbira mokalipa kuti tinakutumiza kukaphunzira osati kukayendayenda, pomwe abale ena ayamba kale kupempha ya feteleza poti aona ngati ndalama zikusefukira. Akufunsa kuti agogo kodi ndalakwa, ndizingodzitsekera m'chipinda?

Mdzukulu wanga, kuyendako sunalakwe ayi. Munthu wawerenga kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, mutu umafuna mphepo, ndipo dziko limenelo m'nyengo yozizira dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, ukamangokhala wekha m'kachipinda mdima kunja mdima mumtima udwala maganizo ndipo ife tili kuno sitidziwa nkomwe. Tuluka ndithu.

Koma pali pena pamene sunachite bwino, ndipo amalume akowo ngakhale alankhula mwaukali sakukalipa zopanda mutu. Kwathu kuno munthu akachoka pa ulendo amafika kaye pakhonde, kukhala pansi, kupereka malonje kwa akulu, ndayenda chonchi, ndaona zakuti, ndabwera bwino. Akatero m'pamene nkhani imatuluka kupita kwa anthu ena. Iwe nkhani ya ulendo wako wayamba kuuza anthu onse a mu foni, amayi ako nkuimva kwa mnzawo ku chigayo kuti mwana wanu uja akunjoya kunjatu, ndipo amalume ako amene ali mwinimbumba, amene anathamanga nawe za pasipoti, aona chithunzi limodzi ndi ana a pa msika. Chimene chawapweteka ndi chimenecho. Sakudziwa kuti kukwera Arthur's Seat sikulipira, sakudziwa kuti ku National Museum of Scotland amalowa ulere, iwo angoona mwana atavala jekete lalikulu kumbuyo kwake kuli chinyumba cha mafumu, nde mutu wawo wawerengera kuti mapaundi a sikolashipu akutha chonchi pomwe kuno thumba la feteleza lavuta. Ukanayamba wawatumizira iwowo, ka voice note ka mphindi ziwiri, kunena kuti amalume lero ndapita kwakuti, polowa pa Castle pokha mpamene ndalipira ndipo ndinasunga kuchokera pa ya chakudya, bwenzi pano iwo ndi amene akuonetsa anthu zithunzizo monyadira.

Nde aimbire. Usalembe meseji, imba, uyambe ndi kufunsa za kumunda ndi za moyo wawo, kenako upepese kuti anamvera kwa ena, ndipo uwauze poyera ndalama imene umalandira pa mwezi ndi imene imapita ku renti. Abale opempha ya fetelezawo auze zoona zomwezo mwaulemu, usalonjeze zomwe ulibe chifukwa chochita manyazi, malonjezo a pa foni amadanitsa abale kuposa kukana.

Tsono chimene chandikhudza kwambiri ine ndi china. Wafika mpaka ku Glasgow koma m'kalata yako sunatchule Blantyre. Mwanawe, kuchokera pa siteshoni ya Glasgow Central sitima sitenga ndi ola lomwe kukafika ku katauni kotchedwa Blantyre m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo nyumba imene anabadwiramo ilipo mpaka lero, anaisandutsa malo osungirako mbiri yake. Banja lonse linkagona m'chipinda chimodzi, iyeyo anayamba ganyu mu fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, masana ntchito usiku kuwerenga. Ndi yemweyo anadzafika ku nyanja yathu mu 1859, ndipo amishoni a Church of Scotland atakhazikitsa mishoni yawo mu 1876 anaitcha Blantyre pokumbukira kwawo kwa iyeyo. Mzinda umene iwe unakatengako basi popita ku eyapoti dzina lake linachokera kumeneko. Upite ukaone chipinda chimenecho ndi maso ako, uwerengenso zimene alemba za anthu akuda amene ankamunyamulira katundu ndi kumulondolera njira, chifukwa ulendo umene uja sanayende yekha.

Ndipo mu Edinburgh momwemo muli Royal Botanic Garden, munda waukulu wa zomera, polowa m'mundamo salipiritsa. Mbewu za tiyi zoyamba zimene anayesa ku mishoni ya Blantyre zinachokera kumeneko, kenako mu 1891 Henry Brown nkudzala tiyi kuno ku Mulanje. Tiyi yemweyu amene amayi ako ndi agogo ako athyola ndi dengu kumsana, m'mawa kuli chiperoni zala zitauma, amene wakulipirira fizi ya ku sekondale. Iwe uli pamalo pamene nkhani imeneyi inayambira ndipo ukudutsa pageti osalowa. Kamuzu Banda nayenso anaphunzira za udokotala mu mzinda womwewo. Zinthu ngati izi ukawafotokozera amalume ako, sadzanenanso kuti ukungoyendayenda, adzaona kuti maso ako akugwira ntchito ya banja lonse, poti ambiri a ife sitidzafikako.

Za phiri ndinenepo pang'ono chifukwa ndikukudziwani ana a ku Mulanje. Arthur's Seat ndi mamita 251 basi, Sapitwa wathu ndi 3,002, nde anzako akadzati tiyeni ku Ben Nevis lomwe ndi mamita 1,345 udzati aaa kaphiri aka. Usadelere. Nyengo ya kumeneko imasintha pa kanthawi kochepa, mphepo yake ndi chisanu thupi lako silinazolowere. Kuno ngakhale wobadwira ku Likhubula sakwera phiri osatsanzika, ndipo alendo amene anakana operekeza ena anasowera komweko. Mwambo womwewo pita nawo, uza munthu mmodzi kumene ukupita ndi nthawi yobwerera, foni ikhale yotchaja, nsapato zikhale zoyenera.

Anzakowo akamati tikathere ku pub, kukhala nawo sikuchimwa, koma usayambe mowa chifukwa choopa kuoneka wakumudzi, itanitsa chakumwa chako chozizira ndipo kapu yako usaisiye pa tebulo nkuchokapo. Kumeneko nthawi zambiri aliyense amalipira zake, nde funsiratu mtengo musananyamuke, kunena kuti ine iyi sindikwanitsa si chamanyazi. Mnyamata akakulipirira tikiti ya sitima lero, hotelo mawa, udziwe kuti pali chimene akuwerengera, bola ukane poyamba pomwe. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo Amalawi ali ku Scotland ndi ambiri ndithu, zochitika Loweruka usiku ku Glasgow Lamulungu m'mawa zimakhala zafika pa Chitakale.

Za Lamulungu lija unali mu sitima m'malo mwa kutchalitchi sindikukalipira, tsiku limodzi si mlandu. Koma poti ndiwe wa CCAP, mpingo wa Church of Scotland ndi kumene Sinodi yathu ya Blantyre inachokera, funa tchalitchi chimodzi pafupi ndi kumene ukugona ukadzionetse kwa abusa kuti ndine wa ku Malawi, ku Mulanje. Maulendo ako uziwaika Loweruka, asayimenti ikhale itatha Lachisanu, ndipo ukapita ku Blantyre wa kumenekoyo chithunzi choyamba chipite kwa amalume ako.