Funsani Makaniko: Morris ya bambo anga ikununkha petulo

Akulu, bambo anga anandisiyira Morris Minor 1000 ya 1967. Ndimaiyendetsa mwa apo ndi apo, mwina kawiri pa mwezi. Masiku ano m'galaja mukununkha petulo, ndipo ikangokhala masabata angapo imakana kulira. Mnzanga akuti vuto ndi petulo wosakaniza ndi ethanol, choncho ndizigula wa octane yokwera n'kumathiramo mankhwala a m'botolo. Kodi akunena zoona?
Wowerenga wodandaula

Achimwene, musanapitirize kuwerenga, kaikankhireni galimotoyo panja, ndipo musailize mpaka mutapeza pomwe pakudontha. Ndinaonapo galimoto yakale ikupsa mwini wake ali chilili, manja ali m'mutu, chifukwa cha kapaipi kosafika n'chikhatho chomwe.

Mnzanuyo wasakaniza nkhani zitatu mumphika umodzi. Ya octane ndiyo yopepuka. Nambala ija ya papampu siyeza mphamvu ya petulo, imayeza mmene petulo amapiririra kupanikizidwa ndi pisitoni asanaphulike yekha. Injini yanu ya 1098cc sipanikiza kwambiri, moti petulo wa 95 ndi wokwanira. Komanso ethanol satsitsa octane, amaikweza, popeza yake payekha ili cha m'ma 108. Mukamva injini ikulira ngati timiyala m'chitini pokwera mtunda, bwezani taimingi (nthawi yomwe mapulagi amayatsira moto) pang'ono. Nkhani ya octane yathera pomwepo.

Komwe mnzanu walasa ndi pa ethanol, koma chifukwa chake sanachidziwe. Petulo wa E10 amakhala ndi ethanol wofika magawo 10 pa 100 alionse, ndipo labala yakale sagwirizana naye. Imafufuma, kenako n'kuuma, n'kuyamba kung'aluka mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Gwirani paipi yochoka papampu kupita ku kabureta, muipinde. Ikakhala gwa ngati nthambi youma, kapena ikakusiyirani zakuda m'zala, fungo lanu ndi limenelo. Sinthani mapaipi onse a labala, ngakhale aja obisala pafupi ndi thanki omwe anthu amawachitira ulesi, ndipo pogula werengani zolembedwa papaipipo: pakhale SAE J30 R9, chizindikiro cha paipi yopirira ethanol. Magasiketi a mu kabureta ndi kalabala ka m'pampu nazo zisinthidwe. Ku Britain, kwawo kwa Morris, E10 atayamba kugulitsidwa mu September 2021, eni galimoto zakale analangizidwa kuti azithira E5, wa ethanol wosapitirira magawo 5 pa 100. Akamapezeka, thirani ameneyo, osati chifukwa cha octane yake koma chifukwa ethanol wake ndi wochepa.

Koma chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu anu aja oti kawiri pa mwezi. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo thanki ya galimoto zakale imapuma kudzera pachitsekero. Madzi akafika pafupifupi theka la gawo limodzi pa 100, ethanol amalekana ndi petulo, iye ndi madziwo n'kukadikha pansi pa thanki, pamene pali pakamwa pa paipi yoyamwa. Ndiye mukaliza, choyamba kufika ku kabureta ndi madzi amenewo. Pansi pa thanki yachitsulo napo pamayamba dzimbiri. Tsegulani kambale ka kabureta mukaone: mukapeza zoyera ngati ufa kapena matope ofiirira, mwaupeza umboni. Mankhwala ake enieni n'kuiyendetsa sabata iliyonse mpaka injini itenthe bwino, ndipo ikamakhala, thanki izikhala yodzaza kuti mpweya usapeze malo.

Pali kenanso kakang'ono. Petulo wamba amafuna mpweya magawo 14.7 pa gawo limodzi la petulo, pomwe E10 amafuna cha m'ma 14.1. Galimoto zamakono zimadzikonzera zokha, koma kabureta ya Morris yanu, ya mtundu wa SU, siidziwa zimenezo, choncho injini imalandira mafuta operewera n'kumatentha. Pansi pa kabureta pali nati yosinthira mafuta. Itsitseni pang'ono chabe, muyende, kenako muone mapulagi. Akhale ofiirira, osati oyera mbee.

Tsopano za mabotolo. Palibe botolo lomwe lingachotse ethanol mu petulo, kaya pachikuto palembedwa zokoma bwanji. Aja olembedwa octane booster, kwa inu n'kungotaya ndalama. Oteteza dzimbiri ndi oletsa petulo kuwonongeka amathandizako ngati galimoto ikhale miyezi osayenda. Koma pali limodzi lomwe Morris yanu ingalifunedi, ndipo silikhudzana ndi ethanol n'komwe. Mu 1921 Thomas Midgley wa kampani ya galimoto ya General Motors anapeza kuti mtovu umaletsa injini kugogoda, ndipo kwa zaka zambiri petulo ankabwera nawo. Mtovuwo unkayala kachikopa pomwe mavalavu amakhala. Unali poizoni, ndipo ine sindiulira ayi. Dziko lomaliza kuusiya linali Algeria, mu 2021. Koma mutu wa injini yanu ndi wachitsulo chofewerapo, ndipo popanda mtovu mavalavu otulutsa utsi amadya pokhala pawo pang'onopang'ono, makamaka paulendo wautali wothamanga. Yezani mpata wa mavalavu. Ukamachepa nthawi iliyonse mukayeza, gwiritsani ntchito mankhwala olowa m'malo mwa mtovu mpaka mudzaikitse mipando yolimba ya mavalavu. Mwina bambo anu anaikitsa kale, fufuzani m'mapepala awo.

Mukafuna kudziwa ethanol ali mu petulo wanu, tengani botolo lagalasi lokhala ndi mizere. Thirani madzi 10 ml ndi petulo 100 ml, tsekani, khutchumulani, dikirani mphindi zisanu, kutali ndi moto. Madzi a pansiwo akakwera kufika cha m'ma 18 kapena 20 ml, chifukwa akoka ethanol wa mu petulo, ndi E10 ameneyo. Mundilemberenso zomwe mwapeza m'kambale muja.