Makapisozi a vitamini E ndi mtima wa bambo anu

Mayi wina wa ku Area 25 anandilembera sabata yatha. Akuti bambo awo, a zaka 62, ali ndi BP, ndipo mnzawo wa kutchalitchi akuwagulitsa makapisozi a vitamini E ponena kuti amatsuka mitsempha, moti munthu akhoza kusiya mapiritsi a kuchipatala. Funso lawo ndi lakuti: “Kodi ndigule?”

Mayi, ndalama yanuyo isungeni. Ndipo chonde bambo asasiye mapiritsi awo.

Koma mnzanuyo musamutenge ngati wakuba, chifukwa nkhaniyi sanaipeke yekha. Panali nthawi imene madokotala enieni ankaikhulupirira, ena mpaka kumamwa okha. Vitamini E, amene Herbert Evans ndi Katharine Bishop anamutulukira mu 1922 ku California, amateteza mafuta a m'thupi kuti asawonongeke. Mukudziwa mmene mafuta a pachiwaya amadera ndi kununkha akaphikidwa kambirimbiri? Asayansi ankaganiza kuti mafuta oyenda m'magazi akawonongeka moteromo ndi pamene amamatirira m'mitsempha n'kuitseka. Ndiye nzeru inali yakuti, tiwonjezere chotetezacho, mitsempha ikhale yoyera. Mu 1993 ofufuza a ku yunivesite ya Harvard ku America, atatsatira anamwino oposa 80,000, anapeza kuti amene ankamwa vitamini E ankadwala mtima mocheperapo. Mabotolo anayamba kuyenda malonda.

Chinsinsi chinali apa: munthu amene amatha kugula mavitamini mwezi ndi mwezi nthawi zambiri ndi yemwenso amadya bwino, sasuta, ndipo amapita msanga kuchipatala. Ndiye chinamuteteza n'chiyani, kapisozi kapena moyo wake wonsewo? Pofuna kudziwa, ofufuza ena anachita kafukufuku wotchedwa HOPE. Anatenga anthu oposa 9,000 amene anali kale pachiopsezo cha matenda a mtima, ena n'kuwapatsa vitamini E wa 400 IU (IU ndi muyeso wa mavitamini) tsiku lililonse, ena kapisozi wopanda kanthu, popanda wodziwa kuti wapatsidwa chiti. Zotsatira zinatuluka mu 2000: panalibe kusiyana. Atapitiriza kuwatsatira, mu 2005 zinaoneka kuti vuto la kufooka kwa mtima linali lochulukirapo mwa amene ankamwa vitamini uja. Kafukufuku wina wa madokotala aamuna oposa 14,000 ku America, wa mu 2008, nayenso sanapeze phindu ku mtima, koma anaona kuti sitiroko yobwera chifukwa cha kuphulika kwa mtsempha m'mutu inachuluka mwa amene ankamwa vitamini E.

Apa ndi pamene ndikudera nkhawa bambo. Vitamini E wambiri amachedwetsa magazi kuundana. Munthu wa BP mitsempha yake imakhala yopanikizika kale, ndipo ngati akumwanso aspirin kapena warfarin, mankhwala amene nawonso amachedwetsa magazi kuundana, kuwonjezera makapisozi amenewa n'kuika nkhuni pamoto woyaka kale. Munthu wamkulu amangofunika mamiligalamu 15 patsiku, pamene kapisozi mmodzi wa 400 IU amaposa pamenepo kakhumi ndi kupitirira. Komanso vitamini ameneyu satuluka msanga ndi mkodzo ngati vitamini C, amasungika m'mafuta a m'thupi.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti timathamangira botolo lochokera kunja pamene vitamini E ali mbwee pa Lizulu ndi m'misika ya m'makwalala mwathu. Mtedza wa ku Mchinji ndi Kasungu uli naye wochuluka: magalamu 100 amapereka pafupifupi theka la zimene thupi likufuna patsiku. Mafuta a mpendadzuwa, supuni imodzi yaikulu, ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mapeyala ali naye, masamba obiriwira ali nayenso pang'ono. Nkhwani wotendera amene ena tinayamba kumuona ngati ndiwo za kumudzi titalowa m'tauni, ndiye mbale yoyenera bambo. Nsinjiro m'phala la m'mawa, chiponde pa buledi m'malo mwa majarini. Kungoti mtedza muzisankha bwino, wachuku ndi wowawa muzitaya, chifukwa chuku chimenecho chili ndi poizoni wowononga chiwindi.

Za mtima wa bambo, mdani wamkulu ndi BP yomweyo. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Bambo ali ndi mwayi, akudziwa. Azimwa mapiritsi ngakhale tsiku limene akumva bwino, chifukwa BP siichenjeza. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wobisika mu usipa wouma, m'tchipisi ndi m'timakyubu tokometsera ndiwo. Ngati amasuta, asiye. Ayendeko wapansi madzulo dzuwa likapepa.

Ngati mnzanuyo anawapatsa kale botolo loyesera, litengeni popita kukayezetsa BP pa chipatala cha Area 25 kapena ku Kamuzu Central, mukawaonetse adokotala pamodzi ndi mapiritsi onse amene bambo akumwa.