Mafunso Anu: Kodi asamurai anatha chifukwa chokana mfuti?

Funso: Akonzi, ndimamva kuti asamurai a ku Japan anatha chifukwa anakakamira malupanga pamene asilikali a boma anali ndi mfuti. Kodi n'zoona?

Yankho: Ayi, si zoona. Asamurai, omwe anali gulu la ankhondo a ku Japan wakale, anayamba kuwombera mfuti m'zaka za m'ma 1500. Chinawathetsa ndi malamulo a boma la Meiji lomwe linakhazikitsidwa mu 1868, ndipo okonza malamulowo, monga Okubo Toshimichi, anali asamurai anzawo.

Nkhani inagona pa chuma ndi ulemu. Msamurai ankalandira mpunga chaka ndi chaka, woyezedwa mu koku, muyeso wa malita pafupifupi 180. Malipirowa ankalemera boma kwambiri. Mu 1873 anakhazikitsa lamulo loti mwamuna wa zaka 20, ngakhale mwana wa mlimi, atha kulembedwa usilikali kwa zaka zitatu. Mu 1876 analetsa kuyenda ndi lupanga m'chiuno, kenako malipiro aja anawasandutsa mapepala a ngongole ya boma. Kwa asamurai wamba chiwongoladzanja chake sichinkakwana kudyetsa banja. Ambiri anagulitsa mapepalawo n'kuyamba malonda omwe sankawadziwa, mpamba n'kuthera pomwepo. Apa m'pomwe panawawa kwenikweni.

Funso: Nanga Saigo Takamori anagonja bwanji, poti anali katswiri pa nkhondo?

Yankho: Saigo, msamurai yemwe anatsogolera asamurai anzake popandukira boma la Meiji, anagonja chifukwa chosowa zipolopolo. Mu February 1877 gulu lake linachoka ku Kagoshima, kummwera kwa Japan, litanyamula mfuti ndi mizinga. Cholakwa chachikulu chinali kuzinga linga la Kumamoto kwa masiku oposa 50 osalilanda, zomwe zinapatsa boma mpata wotumiza asilikali pa sitima zapamadzi ndi kulumikizana pa telegalafu.

Pa nkhondo ya ku Tabaruzaka, pafupi ndi Kumamoto, m'mwezi wa March, kunagwa mvula yambiri. Mfuti zambiri za opandukawo zinali za Enfield, zothira wonga kukamwa kwa mfutiyo: msilikali ankang'amba kapepala ka wonga, kuthira, n'kusinja ndi ndodo, ndipo wonga ukanyowa mfuti sinkalira. Za boma, za Snider, zinkalowetsa chipolopolo kumbuyo. Opandukawo anasolola malupanga chifukwa chosowa pogwira, ndipo boma nalo linawatumizira apolisi odziwa lupanga, ambiri mwa iwo asamurai akale.

Pa 24 September 1877, pa phiri la Shiroyama ku Kagoshima, Saigo anali atatsala ndi anthu mazana ochepa, atazingidwa ndi asilikali pafupifupi 30,000. Anafera pomwepo m'mawa wa tsikulo. Boma linamukhululukira mu 1889.