Makampani atatu akundilonjeza intaneti yapakhomo: ndisankhe iti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akusamukira m'nyumba yatsopano. Makampani atatu awalonjeza zosiyanasiyana. Ina ikuti liwiro la 500 Mbps (Mbps ndi muyezo wa liwiro la intaneti), mtengo wotsika kwa miyezi 6 yoyamba, koma mgwirizano wa miyezi 24. Ina ikuti 100 Mbps pa waya wa faiba (waya wotumiza data pogwiritsa ntchito kuwala), mtengo wosasintha, mgwirizano wa chaka chimodzi. Yachitatu ikupereka rauta (kabokosi kogawa intaneti m'nyumba) ya 4G yolembedwa kuti "yopanda malire", ndipo palibe chosainira. Pakhomo ali anthu asanu, ndipo mayiwa amagwirira ntchito kunyumba, misonkhano ya pa Zoom tsiku ndi tsiku. Funso lawo ndi ili: "Ndingotenga ya 500 ija, poti ndiyo yothamanga kuposa zonse?"

Mayi, musathamangire nambala yaikuluyo. Netflix imati kanema wooneka bwino wa HD amafuna 5 Mbps, wooneka bwino koposa wa 4K amafuna 15. Msonkhano wa pa Zoom supitirira 4 Mbps. Ana atatu aziyatsa 4K nthawi imodzi, bambo aziona mpira wawo, inu muli pamsonkhano, simunakwanitsebe 100. Ya 500 imamveka pokhapokha ngati mumatsitsa mafayilo akuluakulu pafupipafupi. Komanso zilembo zija zimapusitsa anthu ambiri: Mbps si MB, muyezo wa kukula kwa fayilo. Gawani ndi 8. Intaneti ya 100 Mbps imatsitsa pafupifupi 12.5 MB pa sekondi, ndiye musadzadabwe n'kumati akuberani.

Nambala imene imakukhudzani inuyo ndi imene sailemba ndi zilembo zikuluzikulu: liwiro lotumizira. Mukamayankhula pa kanema, nkhope yanu ndi mawu anu zimachoka m'nyumba kupita kunja. Liwiro lotumizira likachepa, anzanu amakuonani mutauma ngati chithunzi, pakamwa pali yasa, pamene inu mukuwaona bwinobwino. Faiba yofika m'nyumba mwenimweni nthawi zambiri imatumiza mwamphamvu, mwina mofanana ndi mmene imatsitsira. Njira zina zimatsitsa kwambiri koma kutumiza n'kochepa. Simunandiuze kuti ya 500 ija imabwera pa waya wanji. Afunseni, ndipo afunseninso ngati faiba ikufika pakhoma la nyumba yanu kapena imathera pa bokosi la m'mbali mwa msewu, mtunda wotsalawo n'kumalizitsa ndi waya wakale wa telefoni. Waya wa mkuwa umataya mphamvu mtunda ukamatalika.

Tibwere ku ndalama, chifukwa apa ndi pamene ambiri timakodwa. Tiyerekeze ndi manambala wamba. Kampani yoyamba ikuti 20 pamwezi kwa miyezi 6, kenako 40 kwa miyezi 18 yotsalayo. Zonse pamodzi ndi 840, kutanthauza 35 pamwezi. Yachiwiri ikuti 30 osasintha. Yotchipa ija yasanduka yodula, ndipo yakumangani zaka ziwiri. Onjezerani ndalama yolumikizira, ya rauta ngati mukugula kapena kubwereka, ndi chindapusa chothetsera mgwirizano nthawi isanakwane. Ineyo zinandionekera. Ndinasaina ndi kampani ina ndisanawerenge timalemba ting'onoting'ono ta kumapeto, ndiye nditasamuka mwezi wa 10 wa mgwirizanowo, ndinapeza kuti kumene ndinapitako ntchito yawo sifikako, koma miyezi yotsalayo anandilipiritsabe. Kuyambira pamenepo, funso langa loyamba limakhala lakuti: ndikasamuka zikhala bwanji? Lachiwiri: kodi mtengo ungakwere mgwirizano uli mkati?

Nanga ya 4G? Ili ndi ubwino wake. Mumangoilumikiza kumagetsi tsiku lomwelo, palibe wokumba kapena kuboola khoma, ndipo mukatopa nayo mumangoisiya. Vuto ndi lakuti nsanja imene imakupatsani netiweki mukugawana ndi aliyense wa m'deralo. Masana imathamanga ngati mphepo, koma madzulo anthu akaweruka n'kuyamba kuonera makanema, imayenda mwa kamba. Mawu akuti "yopanda malire" nawonso muwayang'ane ndi diso limodzi. Makampani ambiri amaika muyezo wa data, ndipo mukaudutsa sakudulani ayi, amangochepetsa liwiro mpaka mwezi utatha. Kanema wa HD amatha pafupifupi 3 GB pa ola, wa 4K mpaka 7 GB. Banja la anthu asanu silichedwa kufika pamuyezowo. Funsani kuti ndi ma GB angati, ndipo mukadutsa liwiro limatsala lotani.

Za setilaiti simunafunse, koma ndingotchulako kwa ena okhala kumene waya sunafike. Masetilaiti akale ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndiye mawu amachedwa kupita ndi kubwera, moti pamsonkhano mumangodulana pakamwa. A kampani ya Starlink ali pafupi, pa makilomita mazana angapo chabe, ndipo kuchedwako n'kochepa kwambiri. Koma ngati faiba ili pakhomo, palibe chovutikira kumwamba.

Musanasaine, gogodani kwa oyandikana nawo. Iwo ndi amene akudziwa kampani imene imazima mvula ikagwa, ndi imene imatha masiku angati isanatumize wokonza. Apempheni ayeze liwiro la intaneti yawo pa fast.com kapena Speedtest cha m'ma 8 koloko madzulo, osati m'mawa. Otsatsa malonda amati liwiro "mpaka" 500, ndipo mawu akuti "mpaka" ndi khomo lothawira.

Ndikanakhala inu, mayi, ndikanatenga faiba ya 100 ija, bola akutsimikizireni polemba kuti ikufika pa nyumba yanuyo komanso liwiro lotumizira ndi lotani. Chaka chikatha mudzakhala omasuka kukambirananso mtengo kapena kuchoka. Akabwera kudzalumikiza, musalole aike rauta kuseri kwa TV kapena m'kabati. Ikhale poyera, pamwamba, chapakati pa nyumba, chifukwa pa mitundu iwiri ya Wi-Fi imene marauta ambiri amatulutsa, ya 5 GHz imathamanga koma imavutika kudutsa makoma, pamene ya 2.4 GHz imafika patali koma mochedwerapo. Kompyuta yanu ya ntchito, ngati n'kotheka, ilumikizeni ndi waya mwachindunji ku rauta, ana atsale ndi Wi-Fi.