Khunyu imatenga nthawi yayitali bwanji?

Amayi ake a mwana, mwafunsa kuti mwana wanu akagwa ndi khunyu zimayenera kutenga nthawi yayitali bwanji komanso ndi liti pamene muyenera kuda nkhawa. Mlongo wanga naye amadwala matendawa, ndiye ndikumvetsa mantha anu.

Khunyu siili mtundu umodzi. Pali ija mwana amangoti ndwii kuyang'ana malo amodzi ngati akuganiza, mumuitane sayankha, imeneyo imatha msanga, masekondi 10 kapena 20 chabe, koma imatha kubwera kambirimbiri tsiku limodzi ndipo aticha ambiri amangoti mwana ndi wogona mkalasi. Ina dzanja limangodzidzimuka kamodzi basi. Ija yoopsa kuiona, munthu kugwa pansi, kuuma thupi kenako kuphiriphitha ndi thovu kukamwa, nthawi zambiri imatenga mphindi 1 mpaka 3, ngakhale kwa inu mayi imaoneka ngati ola lathunthu. Ikatha amakhala wotopa, wosokonezeka, mwina kugona, musadabwe.

Manje chofunika kwambiri, yang'anani nthawi pafoni ikangoyamba. Ikapitirira mphindi 5, kapena ikabweranso asanatsitsimuke, musadikire m'mawa, pezani galimoto mupite naye kuchipatala chapafupi kapena ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka. Musamuike supuni kapena chala mkamwa chonde, musamugwirenso mwamphamvu, ingochotsani mbaula ndi zinthu zakuthwa pafupi, muike chitenje pansi pa mutu, kugwedezeka kukasiya mumugoneke chammbali. Thovulo silipatsira munthu matenda. Ndipo mankhwala asadumphe olo tsiku limodzi.