Kwa mchemwali amene akubwera ku Japan: za kudya, zovala ndi mafuta aja akukutumani

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Zomba amene wapeza mwayi wa maphunziro wa boma la Japan, uja wa MEXT, ndipo akubwera mu Epulo kudzayamba digiri yachiwiri. Mafunso ake anali atatu. Kodi munthu wokulira pa nsima angakhute kuno? Alongedze zovala zotani? Funso lachitatu analiika kumapeto, mwamanyazi: anzake ayamba kale kumutuma kuti akafika azidzawatumizira mafuta odzola a ku Japan, poti akazi a kuno khungu lawo ndi loyera ndiponso losalala, ndiye akufuna adziwe kuti abwino ndi ati. Wandilola kuti ndimuyankhire pano kuti ena amvereko.

Achemwali, ndakunyadirani kwambiri. Tiyambe ndi za m'mimba.

Mudzakhuta, musade nkhawa. Mpunga wa kuno ndi wa njere zifupizifupi, ukapsa umamatana, ndipo amauphika wopanda mchere kapena mafuta. Masiku oyamba mudzaona ngati aiwala kuthira kanthu, koma mchere wonse uli mu ndiwo. Chakudya cha pakhomo chimakhala mbale ya mpunga, kambale ka msuzi wa miso wopangidwa ndi soya wosasitsa, nsomba yowotcha, ndi timasamba pang'ono m'timbale tosiyanasiyana. Kadyedwe kameneka ndi kamene UNESCO inakalemba pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2013. Sushi amene mumamuona pa Instagram si wa tsiku ndi tsiku, ndipo palibe adzakukakamizeni nsomba yaiwisi. Ine ndimaikonda tsopano, koma ndili ndi anzanga amene atsala pang'ono kumaliza maphunziro asanailaweko, ndipo ali bwinobwino.

Mudzadabwa ndi zinthu zimene mukuzidziwa kale. Therere lilipo, ndipo anthu a kuno amakonda ndiwo zonanda kuposa ife. Maungu awo, kabocha, ndi aufa komanso otsekemera. Nyengo yozizira mbatata yowotchera pa miyala imagulitsidwa m'masitolo ndi pa timagalimoto toyenda m'misewu. Palinso niboshi, tinsomba touma tofanana ndi usipa. Eni ake amatiwiritsa kuti apeze msuzi, ine ndimatikazinga ndi tomato ndi anyezi. Chimene chimagonjetsa alendo ambiri ndi natto, soya wofufumitsa wa fungo lamphamvu amene amatulutsa ulusi ukamamutapa. Muyeseni ndithu, chifukwa ndi wotsika mtengo ndipo amagwira m'mimba. Ufa wachimanga umapezeka pa intaneti ndi m'masitolo ogulitsa zakudya zakunja. Nsima imatheka, ngakhale siifika pa ya ufa woyera.

Vuto lenileni ndi thumba. Wophunzira wa digiri yachiwiri pa MEXT amalandira mayeni 144,000 pamwezi, ndipo nyumba imatengapo gawo lalikulu. Mpunga womwewo unakwera koopsa kuyambira mu 2024, mpaka mu 2025 thumba la makilogalamu 5 linapitirira mayeni 4,000 ndipo boma linachita kutsegula nkhokwe zake. Masitolo aang'ono osatseka usiku, 7-Eleven, Lawson ndi FamilyMart, ali paliponse ndipo onigiri wawo, mpunga woumba ngati kampira, ndi wokoma, koma mukamadya kumeneko tsiku lililonse ndalama imatha mwezi uli pakati. Phikani nokha. Pitani ku sitolo yaikulu madzulo, nthawi imene amamata timapepala totsitsa mtengo pa nsomba ndi zakudya zophikaphika, nthawi zina mpaka theka. Gyomu Super imagulitsa zinthu zambirimbiri motchipa. Chidali cha nkhuku chimatsika mtengo kuposa ntchafu. Zipatso zokha ndiye zimapweteka mtima. Mango idyeranitu konko musananyamuke.

Ngati simudya nkhumba, phunzirani chilembo cha Chijapani chotanthauza nkhumba musanafike, chifukwa imabisala mu msuzi wa ramen, chakudya chonga supageti wa m'msuzi, makamaka kuno ku Fukuoka kumene msuziwo amauphika ndi mafupa ake. Ndipo musanyamule nyama ya mtundu uliwonse, ngakhale yofutsa. Pabwalo la ndege pali agalu onunkhiza zikwama, ndipo chindapusa chimatha kufika mayeni 3 miliyoni.

Za zovala sindichedwapo. Musadzaze sutikesi ndi majuzi, mudzagula konkuno. Uniqlo, imene inatsegula sitolo yake yoyamba ku Hiroshima mu 1984, ili ndi zovala zamkati zopyapyala zotchedwa Heattech zimene zimasunga kutentha, ndipo GU ndi yotchipirapo. Kaunjika wa kuno ali m'masitolo ngati 2nd Street, zovala zochapa bwino, zina zosavalidwa n'komwe. Chimene muyenera kubwera nacho ndi nsapato ngati phazi lanu limapitirira masentimita 25, mathalauza ngati muli ndi thupi lakwathu, ndi mabra, chifukwa masaizi a kuno ndi aang'ono. Masokosi akhale abwino, poti nsapato zimavulidwa m'nyumba, m'malesitilanti ena, ngakhale m'malabu ena a pasukulu. Pa sukulu anthu amavala mitundu yosawala, ndipo pachifuwa amaphimba. Suti yakuda imodzi idzakuthandizani pa misonkhano. Zitenje bweretsani, ndipo muzivala osadikira chikondwerero cha ophunzira akunja. Mu Malichi mukadzaona atsikana atavala hakama pa tsiku lomaliza maphunziro mudzamvetsa kuti anthu awa chovala cha makolo amachilemekeza, ndipo chanunso adzachiyamikira.

Tsitsi konzekeranitu. Masaluni a kuno ndi aukhondo ndipo amalandira bwino, koma ambiri sanagwirepo tsitsi ngati lathu. Oluka alipo m'mizinda ikuluikulu, mtengo wake ndi wolemera. Bweretsani mesh wokwanira, mafuta a m'mutu amene munazolowera, ndipo miyezi yatsalayi pezani munthu akuphunzitseni kudziluka nokha.

Tsopano funso lanu lachitatu, limene landichititsa kulemba zonsezi.

N'zoona kuti dziko lino lili patsogolo pa zodzoladzola. Kampani ya Shiseido inayamba ku Ginza, mu mzinda wa Tokyo, mu 1872, ndipo mukalowa m'masitolo a mankhwala ngati Matsumoto Kiyoshi mudzapeza mashelefu osatha. N'zoonanso kuti akazi ambiri khungu lawo ndi losalala. Koma ndakhala nawo m'nyumba zogona ophunzira, ndawaona zimene amachita, ndipo chinsinsi chake si botolo limodzi. Amasamba kumaso mofatsa usiku uliwonse, osagona ndi zopakapaka. Amadzola zonyowetsa khungu, monga Hada Labo ya kampani ya Rohto. Koposa zonse amathawa dzuwa: ambulera m'chilimwe, chipewa, magolovesi ofika m'zigongono poyendetsa njinga, ndi mafuta oteteza ku dzuwa chaka chonse. Kuyerako anabadwa nako, ndipo amakusunga pokhala pamthunzi.

Kukonda khungu loyera kuno n'kwakalekale, ndipo kunavulazapo anthu. Akazi ndi ochita zisudzo za kabuki ankapaka ufa woyera wotchedwa oshiroi umene unali ndi mtovu, ndipo unkadwalitsa iwo ndi ana oyamwa, mpaka boma linauletsa m'zaka za m'ma 1930. Masiku ano mafuta oyeretsa khungu amalembedwa kuti bihaku, kutanthauza kuyera kokongola, ndipo ntchito yawo ndi kuchepetsa melanin, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wake. Mu Julayi 2013 kampani ya Kanebo inaitanitsa kuti mafuta ake okhala ndi mankhwala a Rhododenol abwezedwe, anthu atayamba kutuluka mawanga oyera kumaso, m'khosi ndi m'manja. Amene anadandaula anapitirira 19,000, ndipo ena mawangawo sanathe. Taganizirani, awa sanali mafuta a pamsika opanda dzina. Anali a kampani yotchuka, ovomerezedwa ndi unduna wa zaumoyo, ogulitsidwa m'masitolo apamwamba. Ngati mawanga amenewo ankaonekera pa khungu la Mjapani, nanga pa lathu zikanakhala bwanji? Mu 2021 kampani ya Kao, mwini wake wa Kanebo, inalengeza kuti isiya kulemba mawu oti bihaku pa katundu wake, posafuna kuoneka ngati ikunena kuti mtundu wina wa khungu ndi woposa unzake.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa kwathu tonse tikudziwa wina amene anayamba ndi kabotolo kamodzi, nkhope n'kuyera, zala n'kukhala zakuda, kenako masaya n'kupsa osapiriranso dzuwa. Sindikufuna kuti dzina la Japan likhale chifukwa chatsopano chochitira zomwezo. Sindikunena kuti mafuta onse a bihaku ndi oopsa. Ambiri ali ndi zinthu zofatsa ngati vitamini C, zongothandiza kuti timadontho tisachuluke. Koma chimene anzanu akuyembekezera sangachipeze m'menemo, ndipo akaona kuti sizikusintha adzafuna zamphamvu.

Palinso china chimene ndikufuna mudziwiretu. Mukakhala miyezi mukuona zithunzi za khungu limodzimodzi mu sitima, pa TV ndi m'masitolo, ndipo paudala yofanana ndi nkhope yanu osaipeza pa shelefu iliyonse, mtima umatha kuyamba kudzikayikira. Zimachitikira ambiri, ngakhale amene anabwera odzidalira. Choncho paudala ndi foundation bwerani nazo zanu. Mudzipezerenso anzanu a ku Africa kuno amene mungamaphike nawo ndi kulukana tsitsi.

Zimene ndingakulimbikitseni kugula ndi izi. Mafuta oteteza ku dzuwa a kuno ndi abwino zedi, opepuka, osanata. Biore UV ndi Anessa ndi odziwika. Khungu lakuda limafunanso chitetezo, makamaka ngati ziphuphu zimakusiyirani zipsera, poti dzuwa limazidetsa. Sankhani amadzimadzi osaoneka mukapaka. Olembedwa kuti tone up asiyeni, amatisiya otuwa ngati tadzola phulusa. M'nyengo yozizira mpweya umauma kwambiri ndipo miyendo imasweka, ndiye Vaseline kapena Nivea ya m'chitini asakusoweni. Perefyumu muchepetse, chifukwa m'sitima ndi m'kalasi fungo lamphamvu anthu salikonda.

Anzanu aja muwauze kuti mudzawatumizira oteteza ku dzuwa ndi onyowetsa khungu, koma oyeretsa ayi. Inuyo mukadzadzola chinthu chatsopano n'kuona kuyabwa, kufiira kapena kadontho koyera, siyani tsiku lomwelo ndipo pitani kwa dokotala wa khungu, amene kuno amamutcha hifuka, mutatenga botololo. Inshuwalansi ya boma imene mudzalembetse mukangofika imalipira magawo 70 pa 100 alionse a ndalama ya kuchipatala.