Malungo sanapezeke, koma mawondo akukana

Mayi wina wa geni ya zovala wandilembera. Atangobwera kooda katundu ku Dar es Salaam thupi linatentha mwadzidzidzi, mawondo ndi zala n'kuwawa moti ngakhale kapu sankatha kuigwira. Kuchipatala anamubaya chala kawiri, malungo osapezeka. Patha masabata atatu, ululu sunathe. Akufunsa ngati ndi chikungunya, nthenda yofalitsidwa ndi udzudzu, komanso ngati ana ake angatengere.

Mayi, matenda sayezedwa pa kalata. Zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi chikungunya, koma dengue, nthenda inanso ya udzudzu, nayo imayamba chimodzimodzi, ndipo inavutapo mu Dar mu 2014 ndi 2019. Chosiyanitsa ndi magazi ku labu. Sabata yoyamba amafufuza kachilombo kenikeniko. Masiku amenewo akadutsa, monga inumu, amayang'ana asilikali amene thupi lapanga polimbana nako.

Koma chandikhudza ndi mzere womwe munangoulemba modutsa: "ndinamwabe LA kuti mwina." Apa ndiye pagona vuto lathu. Kwathu kuno thupi likangotentha timati malungo, ndipo kachipangizo kakakana timati n'kabodza. LA amapha tizilombo ta malungo basi, chikungunya samukhudza n'komwe. Mwinanso munawonjezera Brufen kapena asipilini wa pagolosale chifukwa cha mafupawo. Ameneyo ndiye woopsa, chifukwa ngati ili dengue mankhwala amenewa angachititse kuti magazi azitayika m'kati. Mpaka adokotala atatsimikiza kuti si dengue, ndi Panado yekha, madzi ambiri ndi kupuma. Wamkulu asapitirire magalamu 4 pa tsiku, kutanthauza mapiritsi asanu ndi atatu a 500 mg.

Anthu akumakamba za chikungunya ngati ndi nthenda yachilendo yochokera kutali. Ayi ndithu. Inadziwika koyamba mu 1952 kummwera kwa Tanzania, kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo dzinalo ndi la chiyankhulo cha Amakonde, lonena za munthu wopindika ndi ululu. Chatsopano ndi liwiro lake. Mu 2004 inabuka ku Lamu ku Kenya, n'kuwolokera ku zilumba za m'nyanja ya Indian Ocean. Pa chilumba cha Réunion, mu 2005 ndi 2006, munthu mmodzi mwa atatu alionse anadwala. Kumeneko kachilomboka kanasintha pang'ono n'kuyamba kufala mosavuta ndi mtundu wina wa udzudzu wotchedwa Aedes albopictus, umene umapirira kozizira. N'chifukwa chake mu 2007 kanatulukira ku Italy. Kumapeto kwa 2013 kanafika ku Caribbean, ndipo mu 2025 kanabukanso mwamphamvu ku Réunion, Mayotte ndi Mauritius, mpaka mumzinda wa Foshan ku China.

Udzudzuwo suuluka patali, umafera pafupi ndi pomwe unaswedwera. Amene amakwera basi ndi ndege ndi munthu, kachilombo kali m'magazi. Akafika kwawo, udzudzu wa pakhomo umamuluma, n'kukalumanso wina patapita masiku.

Ndiye wina adzati ife tili ndi maneti. Neti ndi yabwino, musaitaye, koma inapangidwira udzudzu wa usiku. Aedes ndi wamasana, amaluma kwambiri mmawa ndi chakumadzulo dzuwa lisanalowe, makamaka m'miyendo, muli pa khonde mukusankha nyemba. Ndi wamng'ono, wakuda, wa mizere yoyera m'miyendo. Sadalira zithaphwi. Iye amakonda madzi osungidwa: mgolo wa kuseri kwa nyumba, ndowa, tayala lotsindira malata padenga, chitini, mbale ya pansi pa maluwa, chomwera nkhuku. M'matauni momwe mipopi imauma masiku angapo, timamuweta tokha.

Mazira ake ndiye ochenjera. Amawamata m'mbali mwa chidebe, pamwamba pang'ono pa pomwe madzi alekezera, ndipo amakhala amoyo miyezi ingapo ali gwa, ouma. Mukangokhuthula madzi n'kuthiramo ena, mwawathandiza kuswa.

Nanga ana?

Matendawa sapatsirana pogwirana, podyera limodzi kapena pogona chipinda chimodzi. Kachilombo kamakhala m'magazi pafupifupi sabata yoyamba yokha, ndiye panopa simungapatsirenso udzudzu. Chotsala ndi udzudzu womwe unakulumani masiku oyamba aja. Mwana akatentha thupi, kaya watuluka tizilonda tofiira pakhungu, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ayezedwe malungo kaye, ndipo munene poyera za ulendo wanu wa ku Dar. Osachedwetsa n'komwe ndi khanda, okalamba, odwala shuga kapena mtima, ndi mayi woyembekezera amene wayandikira kuchira, chifukwa angapatsire mwana pobereka. Kusanza kosaleka, mimba kupweteka kwambiri, magazi m'nkhama kapena m'mphuno, kufooka kodabwitsa pamene kutentha kwatsika, zimenezo n'zothamangira ngakhale usiku.

Pakhomo, dzira limasanduka udzudzu m'masiku 7 mpaka 10, choncho kamodzi pa sabata khuthulani migolo, kwechani m'kati ndi bulashi ndi sopo, vundikirani mothina. Matayala abooleni. Wodwala agone m'neti masana omwe. Mafupa anuwo angawawe miyezi, ena kupitirira chaka. Ayendetseni pang'onopang'ono mmawa uliwonse, ndipo bwererani kwa adokotala akuuzeni ngati tsopano mungayambe mankhwala ochepetsa kutupa.